Kaphikidwe ka khofi wa ku Turkey: ufa, moto ndi thovu

Khofi wa ku Turkey ndinamulawa koyamba ku Istanbul, m'kashopu ka nsalu momwe tinkanenerera mitengo ndi mwini wake. Mnyamata analowa ndi thireyi, pamenepo pali tikapu tosaposa dzira la nkhuku kukula, matambula a madzi ndi timaswiti tofewa. Pamwamba pa khofiyo panali thovu lofiirira, lokhuthala, lophimba kapu yonse popanda pong'ambika. Ine ndinamwa mmene timamwera tiyi kwathu, mpaka nsenga zinandidzaza m'kamwa. Bambo uja anangoitanitsa kapu ina, n'kundionetsa ndi manja kuti ndiyambe ndamwa madzi, ndidikire pang'ono, ndipo zapansizo ndizisiye. Kapu yachiwiriyo ndi imene inandichititsa kugula kamphika kake ndisanabwerere, ndipo mpaka lero ndimaphika khofi ameneyu pafupifupi tsiku lililonse.

Choyamba muyenera kudziwa kuti dzinali likunena za kaphikidwe. Dziko la Turkey silidziwika ndi ulimi wa khofi, nyemba zake amaitanitsa kunja, makamaka ku Brazil. Khofi anafika ku Istanbul kuchokera ku Yemen m'zaka za m'ma 1500, ndipo cha m'ma 1555 amuna awiri a ku Syria, wina wa ku Aleppo wina wa ku Damascus, anatsegula nyumba yomweramo khofi m'dera la Tahtakale. Kaphikidwe kanakhazikika m'nthawi imeneyo ndi komwe kalipo lero, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linakaika pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse. Ndiye ngati muli ndi nyemba za Arabica za ku Misuku, ku Viphya kapena ku Thyolo, muli ndi zonse zofunika. Ine ndimaona kuti khofi wa kumpoto kwathuku amakoma kwambiri akaphikidwa mwanjira imeneyi, chifukwa palibe pepala kapena sefa imene imatsekereza fungo lake.

Kamphika

Kamphikako amakatcha cezve, kutchula kwake ngati "jezve". Ku Greece amati briki, ku Bosnia džezva. Pansi pake m'potakata, khosi lake n'lopapatiza, kukamwa kuli kamlomo kothirira, ndipo mpini wake ndi wautali kuti dzanja lisapse. Khosi lopapatizalo lili ndi ntchito: ndi limene limasonkhanitsa thovu pamalo amodzi kuti likhuthale. Mumphika wotakata kukamwa thovu limamwazika, limapyapyala, kenako limazimirira.

Kukula kwa kamphika kugwirizane ndi makapu amene mukuphika. Mukathira madzi a kapu imodzi mu cezve ya makapu anayi, khofi amatsalira pansi potakata, safika pakhosi, ndipo thovu silibwera bwino. Madzi azifika pafupi ndi poyambira khosi, patsale malo oti khofi afufumire.

Yamkuwa ndiyo yabwino koposa chifukwa imatentha mofanana paliponse ndipo imazizira msanga mukaiphula. Koma muziyang'ana mkati mwake. Yamkuwa yeniyeni imakutidwa mkati ndi chitsulo choyera chimene ku Turkey amati kalay, ndipo chikatha n'kuyamba kuoneka kufiira kwa mkuwa, musaphikiremonso mpaka itakutidwanso. Yachitsulo chosachita dzimbiri ilibe vuto limeneli, ndi yotchipa, ndipo kwa wongoyamba kumene ndi yokwanira. Ngati mulibe cezve, tengani kapoto kakang'ono kwambiri kamene muli nako, kakuya osati kotakata. Kapu yachitsulo yokhala ndi chogwirira imathanso kugwira ntchito, bola muigwire ndi kansalu.

Ufa wa khofi

Apa ndi pamene ambiri zimawakanika, ndipo ndikhalitsapo.

Khofi ameneyu sasefedwa. Ufa wonse umalowa m'kapu limodzi ndi madzi, n'kukadikha pansi wokha. Kuti zimenezi zitheke, ufawo uyenera kukhala wosalala ngati ufa woyera wa nsima wosefedwa bwino. Tsinani pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kutikita. Mukamva timiyala tokhakhala ngati mchenga, sunafike. Ukamamatirira m'mizere ya chala, n'kumaumbika pang'ono mukaufinya, ndiye wafika. Khofi wogayagaya wa m'mapaketi ambiri a m'masitolo anagayidwira makina osefa, ndipo ali ngati mgaiwa. Mukamuphika chonchi timibulu take timayandama, timakanirira m'mano, ndipo kukoma kwake kumakhala kwamadzimadzi. Khofi wa m'chitini wosungunuka m'madzi otentha yekhayo musayesere n'komwe, alibe ufa woti udikhe ndiponso thovu la mtundu umenewu sangatulutse.

Ku Istanbul ambiri amagula wogayiratu. Sitolo yotchuka kwambiri ndi ya Kurukahveci Mehmet Efendi, imene inayamba kugulitsa khofi wokazinga ndi wogaya mu 1871, nthawi imene anthu ankagula nyemba zaziwisi n'kukakazinga okha kunyumba. Mpaka lero pa sitolo yawo ya ku Eminönü, pafupi ndi msika wa zokometsera, pamakhala mzere wa anthu, ndipo fungo limakupezani musanaione. Mukakhala ndi mnzanu wochokera kumeneko, mutumeni kapaketi kamodzi kuti chala chanu chidziwe kusalala kumene tikunena.

Popanda zimenezo pali njira zitatu. Kumene amagulitsa nyemba n'kukugayirani, apempheni atsitse makina mpaka pomaliza penipeni. Ngati muli ndi kachigayo kamagetsi ka masamba ozungulira, gayani masupuni atatu okha nthawi imodzi, mukupumira ndi kukagwedeza kuti ufa usatenthe, kenako sefani, zotsala mubwezemo. Njira yachitatu ndi mtondo, ndipo musaiderere. Anthu a ku Turkey nawonso ankasinja khofi mumtondo wa mwala kapena wa mtengo wotchedwa dibek, ndipo khofi wosinja choncho amamukondabe m'madera ena. Tengani kamtondo kakang'ono, sinjani, sefani ndi sefa yothina kwambiri kapena kansalu kopyapyala, bwezani misere mumtondo, sinjaninso. Zimatenga nthawi, koma ufa wa makapu awiri si wambiri. Chenjezo ndi limodzi: mtondo umene mumasinjiramo tsabola, adyo kapena nsinjiro ukhale kutali. Khofi amakoka fungo la chilichonse chimene wakhudzana nacho.

Nyemba zikhale zokazingidwa pakatikati, zofiirira, zouma kunja. Zakuda bii zonyezimira mafuta zimawawa mopitirira zikaphikidwa chonchi. Ndipo gayani wochepa, wa masiku owerengeka, musunge m'botolo lotseka bwino pamalo opanda dzuwa. Thovu lija limachokera ku mpweya umene umatsekeredwa m'nyemba pokazinga. Ufa wosalala chonchi umataya mpweyawo msanga, ndiye khofi wokhalitsa pa shelefu, ngakhale mutaphika mosamala bwanji, pamwamba pake pamangokhala mbee.

Muyeso ndi shuga

Muyeso wa madzi ndi kapu yomwe mumweremo. Kapuyo amaitcha fincan, "finjan", ndipo imalowa mamililita 60 mpaka 70. Kapu imodzi ya madzi ozizira pa munthu aliyense. Khofi ndi magalamu 6 kapena 7 pa kapu, omwe ndi masupuni a tiyi awiri odzaza bwino. Amene ali ndi sikelo akumbukire kuti galamu imodzi ya khofi imayendera mamililita 10 a madzi. Madzi akhale abwino kumwa. A pampopi onunkha mankhwala muwasiye kaye mumtsuko kwa maola angapo.

Shuga amalowa pophika, sathira m'kapu, chifukwa mukatakasa m'kapu mudzutsa nsenga ndi kuswa thovu. N'chifukwa chake ku Turkey mwini nyumba amayamba wafunsa mlendo aliyense mmene amamwera. Mayankho alipo anayi. Sade ndi wopanda shuga. Az şekerli ndi wa shuga pang'ono, theka la supuni ya tiyi. Orta ndi wapakati, supuni imodzi. Şekerli ndi wotsekemera, masupuni awiri. Alendo akasiyana zokonda, muphika kawiri kapena katatu, palibe njira yachidule. Kwa amene anazolowera tiyi wa shuga wambiri, yambani ndi orta. Sade mudzamufuna nokha mukadzazolowera.

Kuphika kwake

Thirani madzi ozizira mu cezve, onjezani khofi ndi shuga, takasani musanaike pamoto. Takasani mpaka ufa wonse unyowe, pasatsale timibulu touma, kenako chotsani supuni. Kuyambira pano simutakasanso. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: madzi ndi khofi ayambire pamodzi kuzizira, atenthere limodzi pang'onopang'ono. Mukathira ufa m'madzi otentha kale, amafufuma nthawi yomweyo kukoma kusanatuluke.

Moto ukhale wofatsa. Pa gasi, sankhani diso laling'ono kwambiri, malawi asapitirire pansi pa kamphika. Pa mbale yamagetsi ikani pakati kapena pansi, ndipo kumbukirani kuti mbaleyo imakhalabe yotentha ngakhale mutazimitsa, choncho pochepetsa moto muzinyamula kamphikako. Koma moto umene ndimaukonda ndi wa mbaula nsima itaphulidwa kale, makala atasiya kulilima n'kuyamba kuvala phulusa loyera. Pangani kadzenje pakati pa makalawo, khazikani cezve kuti moto uigwire pansi ndi m'mbali. Ku Turkey khofi wophikidwa pamakala otere amamulemekeza, amati közde kahve. Ena amaphikira mumchenga wotentha woikidwa m'chiwaya, n'kumakwirira kapena kukweza kamphikako posintha kutentha. Cholinga n'chimodzi, kuti kutentha kubwere mofatsa kuchokera mbali zonse.

Tsopano imani pomwepo. Musapite kukatenga makapu, akhale ali kale pambali panu. Foni ikalira, ilire.

Mphindi yoyamba palibe chooneka, pamwamba pamangokhala chikhungu chakuda cha ufa. Kenako chikhunguchi chimayamba kuwala, n'kusanduka chofiirira ngati dothi la katondo litanyowa. M'mphepete, pamene khofi wagundana ndi chitsulo, mumayamba kuoneka timathovu ting'onoting'ono ngati mitu ya singano. Mukatchera khutu mumva kaphokoso kapansipansi. Posakhalitsa mphepete monsemo mumatukuka, thovu limayamba kudzipinda kulowera pakati, bwalo lakuda lapakatilo likucheperachepera, ndipo khofi yense amayamba kukwera m'khosi. Nthawi yophula ndi imeneyo, bwalo lija litangotsala pang'ono kutsekeka. Mukachedwa ndi mpweya umodzi wokha, thovu lalikulu limaphulika pakati, khofi amabwata, ndipo thovu lonse limamira kapena kusefukira pamoto. Pa kapu imodzi kapena awiri zonsezi zimatenga mphindi ziwiri mpaka zinayi. Zikachitika mphindi imodzi isanathe, moto wanu wachuluka. Zikapitirira mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, wachepa, ndipo khofi amawawa chifukwa chokhalitsa.

Mukaphula, tapani thovu ndi supuni ya tiyi, mugawire m'makapu mofanana. Bwezerani cezve pamoto kwa kanthawi kochepa, khofi akayambanso kukwera phulani. Thirani pang'onopang'ono, kamlomo ka cezve katatsamira pamphepete mwa kapu, kuti khofi atsetserekere m'mbali n'kunyamula thovu lija kuchokera pansi. Mukathira kuchokera m'mwamba ngati tiyi, mumaboola thovu. Makapu akakhala angapo, musadzaze imodzi n'kupita pa ina. Thirani pang'ono m'kapu iliyonse, muzungulirenso, kuti wina asalandire madzi okhaokha wina nsenga zokhazokha.

Mudzamva ena akunena kuti khofi ayenera kukwera katatu. Ku mayiko ena a ku Balkan ndi kwa Aluya alipo amene amatero, ndipo amakonda kuwawa kumene kumabwera. Ine ndinayesa njira zonse, ndipo ndinaona kuti kukwera kulikonse kowonjezera kumadya thovu ndi fungo. Pa kapu imodzi ndimakweza kamodzi kokha n'kuthira zonse mwakamodzi, osatapa n'komwe thovu. Pa makapu awiri kapena atatu ndimakweza kawiri monga ndafotokozera. Kupitirira makapu anayi mu cezve imodzi sindilangiza, thovu silikwanira onse.

Kupereka ndi kumwa

Kapu ikadzaza, isiyeni mphindi imodzi kapena ziwiri kuti nsenga zidikhe. Imeneyi ndiyo nthawi yomwera madzi aja, kuti m'kamwa muyere musanalawe khofi. Pambali amaika lokum, timaswiti tofewa topangidwa ndi shuga ndi sitachi. Kwathu kuno kachidutswa ka chokoleti, tende kapena mtedza wokazinga zimakwanira. Mkaka sathiramo, ndipo supuni siikidwa pa sosala. Wamkulu pa onse ndiye amayamba kulandira.

Imwani mopsontha, pang'onopang'ono, osapendeketsa kapu kwambiri. Mukangomva kuti pamlomo payamba kubwera zokhuthala, lekani. Zotsalazo amazitcha telve, ndipo samwa. Anthu ambiri kumeneko amavundikira kapu pa sosala, ikazizira n'kumayang'ana zithunzi zimene nsenga zajambula m'mbali, amvekere akuona zam'tsogolo. Kwa ambiri ndi macheza chabe a pambuyo pa khofi. Ine nsengazo ndimakathira kudimba.

Ulemu umene anthu a ku Turkey amapereka kwa kapu kakang'onoka umaoneka ngakhale m'chilankhulo chawo. Chakudya cham'mawa amati kahvaltı, kutanthauza choyala pansi pa khofi, chifukwa khofiyo amabwera munthu atadya kale. Mtundu wofiirira amati kahverengi, mtundu wa khofi. Ali ndi mwambi woti kapu imodzi ya khofi imakumbukiridwa zaka 40. Ndipo tsiku limene a kuchimuna abwera kudzafunsira mbeta, mtsikanayo ndi amene amaphikira alendo onse khofi. Makolo amayang'ana thovu lake, koma m'kapu ya mnyamatayo amathiramo mchere m'malo mwa shuga, ndipo iye amayenera kumwa osakwinya nkhope. Nkhani imeneyi imandikhudza, chifukwa nafenso timadziwa kuti pa nkhani ya ukwati anthu amayesana ndi zinthu zazing'ono za pakhomo.

Zikavuta

Thovu likakana, yambani mwafunsa za ufa: wagayidwa liti, ndipo ndi wosalala mokwanira? Kenako ganizirani ngati munatakasa kamphika kali pamoto, kapena ngati khofi anabwata. Kawirikawiri vuto limakhala pa chimodzi mwa zimenezi. Thovu la maso akuluakulu ngati la sopo limasonyeza kuti moto unali waukali. Labwino limakhala la maso osaoneka, losalala, ndipo limakhalitsa mpaka kapu itafika theka.

Khofi akawawa kwambiri, mwina nyemba zinapsa pokazinga kapena wakhalitsa pamoto. Akamveka wowawasa ndi wopepuka, mwaphula msanga kapena ufa ndi wokhakhala. Akamalowa m'kamwa ngati mchenga kuyambira poyamba, simunadikire kuti adikhe, apo ayi bwererani ku mtondo. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse. Mukasintha ufa, moto ndi muyeso nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chakonza kapena kuwononga.

Ofuna zokometsera angathe kusinja kambewu kamodzi ka cardamom n'kuthira limodzi ndi ufa, monga amachitira ku Lebanon ndi ku Syria. Ku Istanbul ambiri amamwa wopanda kanthu, ndipo ndingakonde kuti makapu anu oyamba akhale otero, kuti lilime lidziwe kaye khofiyo payekha.

Mawu awiri okhudza thanzi. Kapuyo ndi yaing'ono koma khofi wake ndi wamphamvu, choncho amene tulo timawavuta asamwe madzulo, ndipo amayi oyembekezera achepetse monga amalangizidwira pa khofi wina aliyense. Komanso khofi wosasefedwa amakhala ndi mafuta ena otchedwa cafestol, amene pepala losefera limagwira, ndipo amakweza kolesitulo m'magazi munthu akamamwa makapu ambiri tsiku ndi tsiku. Kapu imodzi kapena awiri ndi mmene eni ake ambiri amamwera. Amene adokotala anawachenjeza kale za kolesitulo kapena kuthamanga kwa magazi afunse kaye kuchipatala.

Mukatha, tsukani cezve nthawi yomweyo nsenga zisanaume. Madzi ofunda ndi kasiponji kofewa n'zokwanira. Yamkuwa musaikweche mkati ndi waya wotsukira mapoto, mchenga kapena phulusa, chifukwa mudzapala chitsulo choyera chija. Mwaye wa makala kunja kwake mungauchotse ndi ndimu ndi mchere pang'ono. Nsenga musazithire mu sinki, zimaundana m'mapaipi. Pukutani kamphikako ndi kansalu kouma, n'kukakoleka ndi mpini wake pamalo pomwe utsi wa ndiwo sufika.